Kazindikiridwe ka Makobiri a Aroma a Zaka Zotsiriza za Ufumu Wawo

Mwa zinthu zonse zimene Aroma akale anasiya m'nthaka, zochepa ndi zimene zimapezeka zochuluka monga makobiri a mkuwa a zaka za m'ma 300 chibadwire Ambuye Yesu. Alimi amawafukula m'minda ya ku Britain, France, Spain, Turkey ndi kumpoto kwa Africa, ndipo ena anayenda ndi amalonda mpaka kum'mwera kwa India ndi ku Sri Lanka. Ambiri a iwo ndi aang'ono, akuda ndi ofufutika, kotero kuti munthu wowaona koyamba amayesa kuti onse ndi amodzimodzi. Komatu pafupifupi kobiri lililonse linadindidwa dzina la mfumu, uthenga wa boma ndi chizindikiro cha mzinda kumene linasulidwa. Chaka sichinalembedwepo monga zimakhalira pa ndalama za masiku ano, koma wodziwa kuwerenga zinthu zitatuzi angathe kutchula nyengo imene kobirilo linatuluka, nthawi zambiri osaphonya ndi zaka zoposa zisanu.

Luso limeneli siligona pa kuloweza nkhope za mafumu ayi. Ligona pa kufunsa kobiri mafunso anayi motsatana, ndiwo kukula kwake, za kumaso kwake, za kumsana kwake ndi malemba a pansi pa mzere, ndiponso pa kulemba chokhacho chimene maso aona. Mphunzitsi wa mawa ayenera kuidziwa njira imeneyi pakuti mbiri imene adzaphunzitsa ana sinayambire m'buku. Olemba mabuku anaitenga pa umboni, ndipo kobiri ndi umboni waung'ono umene mwana angathe kuugwira m'dzanja.

Chiyambi cha makobiri amenewa

Pamene Diocletian analowa ufumu mu 284, anapeza ndalama za Aroma zitatha mphamvu. Ndalama imene kale inali ya siliva inali itasanduka mkuwa wopakidwa siliva pang'ono pamwamba, chifukwa mafumu a m'mbuyo mwake, pofuna kulipira asilikali ambiri, ankachepetsa siliva ndi kuchulukitsa ndalama. Dzikonso linali lalikulu kwambiri, ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, mu 293 ulamuliro unagawidwa pakati pa anthu anayi. Mafumu aakulu awiri, Diocletian ndi Maximian, ankatchedwa Augustus, ndipo achiwiri awo, Constantius ndi Galerius, ankatchedwa Caesar.

Cha m'ma 294 Diocletian anatulutsa kobiri latsopano lalikulu, lolemera magalamu pafupifupi 10, la mkuwa wosakaniza ndi siliva wochepa. Akatswiri a masiku ano amalitcha follis kapena nummus. Chinthu chachikulu chimene iye anachita n'chakuti analamula nyumba zonse zosuliramo ndalama, kuyambira ku London kufikira ku Antioch, kuti zizisula makobiri ofanana, olembedwa m'Chilatini. Ngakhale Alexandria wa ku Egypt, amene kwa zaka mazana atatu ankasula ndalama zakezake zolembedwa m'Chigiriki, anazisiya patangopita zaka zochepa nalowa m'dongosolo lomweli. Tsono popeza makobiri anali ofanana ponseponse, panafunika chizindikiro chosonyeza kumene lililonse linachokera, kuti osula akaba siliva kapena kuchepetsa kulemera, boma lidziwe wolakwa. Chizindikiro chimenecho, chimene chinaikidwa pofuna kugwira akuba, ndicho chimathandiza wophunzira lero.

Kobiri latsopanoli silinakhalitse pa msinkhu wake. Mitengo ya zinthu inkakwerabe, ndipo lamulo la Diocletian la mu 301 loika malire a mitengo silinaphule kanthu. Pofika 307 kobirilo linatsika kufika pa magalamu 6 kapena 7, pofika 313 linali la magalamu oposa 3 pang'ono, mu 330 linali la magalamu awiri ndi theka, ndipo itadutsa 335 linali losakwana magalamu awiri.

Makobiri onsewa ankasulidwa ndi manja. Wosula ankaika kachibenthu kozungulira ka mkuwa pakati pa zidindo ziwiri zachitsulo, china pansi china pamwamba, ndi kumenya ndi nyundo. N'chifukwa chake makobiri ena anapendekeka, malemba ena nagwera kunja, ndipo palibe awiri amene amafanana kotheratu.

Funso loyamba: kodi ndi lalikulu bwanji?

Wosanthula kobiri ayambe ndi rula ndi sikelo, asanayese n'komwe kuwerenga dzina. Mayina amene Aroma eni ake ankatchula makobiri awo amapezeka m'malamulo awo, koma akatswiri sagwirizana pa kulumikiza dzina lililonse ndi kobiri lake. Chotero anagwirizana kuwagawa potsata kukula kwawo, pogwiritsa ntchito zilembo AE, zochokera ku liwu la Chilatini lakuti aes, ndilo mkuwa.

AE1 ndi kobiri lopitirira mamilimita 25 m'mimba mwake.
AE2 ndi la mamilimita 21 kufikira 25.
AE3 ndi la mamilimita 17 kufikira 21.
AE4 ndi losakwana mamilimita 17.

Muyeso wokhawu umatsekereza kale njira zina. Kobiri lalikulu ndi lolemera bwino lingakhale la nthawi ya Diocletian ndi anzake, kapena la zaka zochepa zimene mafumu ena anayesa kubwezeretsa ndalama yaikulu, monga mu 348 ndi mu 362. Kobiri laling'ono ngati chikhadabo, lolemera galamu imodzi yokha, kawirikawiri limakhala la kumapeto kwa zaka za m'ma 300 kapena la m'ma 400, pakuti lamulo la mu 395 linaletsa makobiri akuluakulu, ndipo ting'onoting'ono tokha ndito tinatsala m'misika kufikira mfumu Anastasius anakonzanso ndalama mu 498.

Funso lachiwiri: kodi kumaso kukuti chiyani?

Kumaso kwa kobiri kumakhala mutu wa mfumu ndi malemba ozungulira. Owerenga Uthenga Wabwino adzakumbukira kuti Ambuye Yesu atafunsidwa za msonkho, anaitanitsa ndalama nafunsa za zinthu ziwiri, chithunzi ndi malemba ake. Ndalama imeneyo inali ya siliva, ya zaka pafupifupi 300 m'mbuyo mwa makobiri ano, koma mafunso ake ndi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'masiku amenewo ojambula ankayesetsa kufanizira nkhope yeniyeni ya mfumu, pamene m'zaka za m'ma 300 ankajambula ulemerero wa ufumu, osati munthu. Mafumu anayi a nthawi ya Diocletian ali ndi makosi aakulu ndi zibwano zofanana, ndipo ana a Constantine amaoneka ngati mapasa. Wodalira nkhope yokha adzasokera. Dzina liyenera kuwerengedwa.

Malemba amayambira kumanzere pansi, nazungulira pamwamba pa mutu kupita kumanja. Palibe mipata pakati pa mawu, ndipo chilembo V chimaimira U, kotero kuti dzina la Constantine limalembedwa CONSTANTINVS. Mawu ambiri anafupikitsidwa. IMP ndi imperator, mkulu wa nkhondo. DN ndi dominus noster, mbuye wathu. PF ndi pius felix, wopembedza ndi wodala. AVG ndi Augustus, mfumu yaikulu. NOB C kapena NOB CAES ndi Caesar wolemekezeka, ndipo apa wophunzira achenjere, pakuti dzina lakuti Kaisara, limene m'Baibulo limatanthauza mfumu yaikulu, pa nyengo ino linkatanthauza wachiwiri wake kapena mwana wolowa ufumu. IVN ndi iunior, wamng'ono. Chilembo chotsiriza chikabwerezedwa chimawerenga anthu: AVGG ndi mafumu awiri, AVGGG ndi mafumu atatu.

Msampha waukulu uli m'banja la Constantine, amene analamula kuyambira 306 kufikira 337. Mayina atatu amayamba mofanana: CONSTANTINVS, CONSTANTIVS ndi CONSTANS. Pakati pa loyamba ndi lachiwiri pali chilembo N chimodzi chokha. CONSTANTINVS MAX AVG ndi Constantine mwini wake, koma CONSTANTINVS IVN NOB C ndi mwana wake Constantine II, amene anali Caesar kuyambira 317 kufikira 337 namwalira mu 340. FL VAL CONSTANTIVS ndi bambo wake wa Constantine, pamene FL IVL CONSTANTIVS ndi mwana wake Constantius II, amene anakhala Caesar mu 324 namwalira ali mfumu yaikulu mu 361. Constans, wamng'ono mwa onse, anakhala Caesar mu 333 naphedwa mu 350. Msampha wina wonga womwewu uli pa Galerius, amene pa makobiri amatchedwa MAXIMIANVS monga Maximian. Chomusiyanitsa ndi zilembo GAL VAL patsogolo pa dzinalo.

Dzina likafufutika, chovala cha kumutu chimathandiza. Nkhata ya masamba ndiyo yakale, ndipo inakhalitsa pa mitu ya ana a mfumu. Cha m'ma 325 Constantine anayamba kuvala lamba wachifumu wozungulira mutu, ndipo pambuyo pake lamba wa mikanda yoyera anasanduka chizindikiro cha mfumu yaikulu. Mutu wosavala kanthu, pa makobiri a m'ma 350, umasonyeza Caesar, monga Constantius Gallus ndi Julian, kapena Magnentius, mkulu wa asilikali amene analanda ufumu kumadzulo kuyambira 350 kufikira 353. Mutu wofunda nsalu ndi wa mfumu yomwalira, monga pa makobiri okumbukira Constantine amene ana ake anasula itadutsa 337. Ndevu zazitali pambuyo pa Constantine, amene ankameta, zimaloza kwa Julian m'zaka zake zotsiriza. Alipo makobiri a akazi achifumu, monga Helena mayi wake wa Constantine ndi Fausta mkazi wake, amene amadziwika msanga ndi kamangidwe ka tsitsi.

Funso lachitatu: kodi kumsana kukuti chiyani?

Kumsana kwa kobiri ndiko kunali nyuzipepala ya boma. Kunkaikidwa chithunzi ndi mawu ochepa otamanda mfumu, asilikali kapena milungu. Chithunzi chilichonse chinali ndi nyengo yake, ndipo chikaleka sichinkabwerera kawirikawiri. Wodziwa zithunzi khumi ndi ziwiri zokha angathe kuika pa nyengo yake gawo lalikulu la makobiri opezeka m'nthaka.

GENIO POPVLI ROMANI. Mwamuna woimirira, atanyamula mbale ya nsembe ndi nyanga yodzala zokolola, ndiye mzimu woteteza mtundu wa Aroma. Kuyambira 294 kufikira cha m'ma 307.

SOLI INVICTO COMITI. Mulungu wa dzuwa atakweza dzanja lamanja, atanyamula chibulunga cha dziko. Makamaka kuyambira 310 kufikira cha m'ma 318.

BEATA TRANQVILLITAS. Guwa la nsembe, pamwamba pake chibulunga ndi nyenyezi zitatu. Kuyambira 321 kufikira 323.

PROVIDENTIAE AVGG kapena CAESS. Chipata cha linga chokhala ndi tinsanja pamwamba. Kuyambira 324 kufikira cha m'ma 329.

GLORIA EXERCITVS. Asilikali awiri ogwira mikondo ndi zishango. Pakati pawo pakakhala mbendera za nkhondo ziwiri, ndi la 330 kufikira 335. Pakakhala imodzi, ndi la 335 kufikira cha m'ma 340, pakuti kobiri litachepa mbendera imodzi inachotsedwa.

VRBS ROMA ndi CONSTANTINOPOLIS. Awa alibe mutu wa mfumu, koma mutu wa mkazi wovala chisoti chankhondo woimira mzinda. Kumsana kwa loyamba kuli mmbulu waukazi ukuyamwitsa mapasa Romulus ndi Remus. Kumsana kwa lachiwiri kuli mkazi wamapiko, Victoria, mwini chipambano, ataponda kutsogolo kwa ngalawa. Anayamba mu 330, chaka chimene Constantine anatsegula likulu lake latsopano la Constantinople.

FEL TEMP REPARATIO, ndiko kunena kubwereranso kwa nthawi yabwino. Anayamba mu 348 ndi zithunzi zingapo: mfumu m'ngalawa, msilikali akutulutsa munthu m'kanyumba, ndi mbalame ya m'nthano yotchedwa phoenix. Chimene chinachuluka koposa, ndipo chinakhala kufikira cha m'ma 358, ndi msilikali wa Aroma akulasa mdani wogwa pa kavalo.

SALVS DD NN AVG ET CAES. Zilembo ziwiri zoyamba za dzina la Khristu m'Chigiriki, X ndi P, zolukana ndi zodzaza kumsana konse. Ndi la Magnentius, cha m'ma 353.

SECVRITAS REIPVB. Ng'ombe yamphongo, pamwamba pake nyenyezi ziwiri. Ndi kobiri lalikulu la Julian, mfumu imene inasiya Chikhristu, la 362 ndi 363.

GLORIA ROMANORVM, mfumu ikukoka munthu wogwidwa pa nkhondo, ndi SECVRITAS REIPVBLICAE, Victoria akuyenda atanyamula nkhata ndi nthambi ya kanjedza. Ndi a Valentinian I, Valens ndi Gratian, kuyambira 364 kufikira 378, chaka chimene Valens anafera pa nkhondo ya ku Adrianople.

SALVS REIPVBLICAE. Victoria akukoka wogwidwa, pa kakobiri kakang'ono. Kanayamba cha m'ma 388, m'masiku a Theodosius I ndi ana ake Arcadius ndi Honorius.

Mndandanda umenewu umaphunzitsanso mbiri. Mabuku amanena kuti Constantine anatembenukira kwa Mulungu wa Akhristu pa nkhondo ya pa mlatho wa Milvian mu 312, koma makobiri ake anapitiriza kutamanda mulungu wa dzuwa kwa zaka zingapo pambuyo pake. Umboni wa m'nthaka ukusonyeza kuti chipembedzo cha boma sichinasinthe tsiku limodzi. Mawunso sayenera kukhulupiriridwa monga alembedwera, pakuti makobiri olengeza kubwerera kwa nthawi yabwino anatuluka patangotsala zaka ziwiri kuti Constans aphedwe ndi kuti Aroma ayambe kumenyana okhaokha. Boma linkalemba chimene linkafuna kuti anthu akhulupirire.

Funso lachinayi: kodi pansi pa mzere pali chiyani?

Kumsana kwa kobiri, pansi pa mapazi a chithunzi, pamadutsa mzere, ndipo pansi pake pamakhala zilembo zochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa ndi pamene pamafunika galasi lokuza zinthu ndi kuwala kochokera m'mbali. Zilembozi zimakhala ndi magawo awiri kapena atatu. Gawo lalikulu ndi dzina la mzinda. Lina ndi nambala ya chipala, pakuti nyumba iliyonse yosuliramo ndalama inagawidwa m'zipala zingapo, chilichonse ndi kapitawo wake. Nthawi zina patsogolo pamakhala SM, sacra moneta, ndiko kuti ndalama yopatulika ya mfumu.

Kumadzulo kunali London, LN kapena LON. Trier wa ku Germany, TR. Lyon wa ku France, LG kapena LVG. Ndi Arles, wa ku France komweko, ARL. Ku Italy kunali Roma, R, Aquileia, AQ, ndi Ticinum, T, umene lero ndi Pavia. Chakum'mawa kwake kunali Siscia, SIS, umene lero ndi Sisak ku Croatia, Sirmium, SIRM, ndi Thessalonica, TS kapena TES. Kum'mawa kunali Heraclea, SMH, Constantinople, CONS, Nicomedia, SMN, Cyzicus, SMK, ndi Antioch, ANT kapena SMAN. Mu Africa munali Alexandria, ALE kapena SMAL, ndi Carthage, K, amene anasula kwa zaka zochepa chabe m'masiku a Diocletian ndi omutsatira. Pa makobiri ena a ku Carthage, dziko la Africa linajambulidwa ngati mkazi wovala chikopa cha mutu wa njovu.

Zipala za kumadzulo zinkawerengedwa m'Chilatini: P choyamba, S chachiwiri, T chachitatu, Q chachinayi. Za kum'mawa zinkawerengedwa ndi zilembo za Chigiriki: A, B, Γ, Δ, Є ndi zotsatira zake. Chotero PTR ndi chipala choyamba cha ku Trier, ndipo SMNΓ ndi chipala chachitatu cha ku Nicomedia. Ku Antioch, m'masiku a Diocletian, osula ankapewa chilembo Θ, chimene chimaimira 9, chifukwa ndicho choyamba pa liwu la Chigiriki lotanthauza imfa. M'malo mwake ankalemba Є ndi Δ, zisanu kuonjezapo zinayi.

Panonso pali msampha. Mu 328 mzinda wa Arles unapatsidwa dzina latsopano lakuti Constantina, ndipo makobiri ake anayamba kulembedwa CONST. Wofulumira amayesa kuti ndi Constantinople. Chowasiyanitsa ndi nambala ya chipala: Arles amaika chilembo cha Chilatini patsogolo, monga PCONST kapena SCONST, pamene Constantinople kawirikawiri amaika cha Chigiriki pambuyo, monga CONSA kapena CONSB.

Kudziwa zaka zimene nyumba iliyonse inagwira ntchito kumathandiza kuyesa yankho. London inaleka kusula makobiri a mkuwa cha m'ma 325, Ticinum inatsekedwa posakhalitsa pambuyo pake, ndipo Constantinople inayamba cha m'ma 326. Tsono wophunzira akaona ngati wawerenga London pa kobiri la asilikali awiri, limene linayamba mu 330, abwererenso ku galasi lake, pakuti umboni uwiriwo ukutsutsana.

Zitsanzo ziwiri

Kobiri lina ndi la mamilimita 18 ndi magalamu awiri ndi theka. Motero ndi AE3. Kumaso kuli mutu wovala nkhata ya masamba ndi malemba akuti CONSTANTINVS IVN NOB C. Ameneyu ndi Constantine II ali Caesar, ndiye kuti kobirilo lili pakati pa 317 ndi 337. Kumsana kuli asilikali awiri ndi mbendera ziwiri, zimene zikuchepetsa nyengoyo kufika pakati pa 330 ndi 335. Kulemera kwake kukugwirizana ndi zaka zimenezo. Pansi pa mzere pali SMALB, chipala chachiwiri cha ku Alexandria. Mayankho anayi onse akuvomerezana, ndipo ntchito yatha.

Kobiri lina ndi lofufutika, ndipo pa dzina pakuoneka zilembo CONSTAN zokha. Wopupuluma angalembe kuti ndi Constantine. Koma kumsana kuli msilikali wolasa mdani wogwa pa kavalo, chithunzi chimene chinayamba mu 348, Constantine atamwalira kale zaka 11. Mutu suli ndi lamba kapena nkhata, kotero si wa Constantius II kapena Constans, amene pa nthawiyo anali mafumu aakulu. Wotsala ndi Constantius Gallus, Caesar kuyambira 351 kufikira 354. Pansi pa mzere padyeka, ndipo wosanthula woona mtima alembe kuti mzinda sukuwerengeka. Kusiya mpata m'kaundula si manyazi. Choipa ndi kudzazamo zongoganiza, chifukwa wina wodzawerenga pambuyo pake adzazitenga ngati zoona namangapo mbiri yabodza.

Makobiri otsanzira ndi achinyengo

Sikuti kobiri lililonse linachokera ku chipala cha mfumu. Ndalama zikasowa m'dera, anthu ankasula zawozawo motsanzira za boma. Ku Britain m'zaka za m'ma 350 kunachuluka timakobiri totsanzira chithunzi cha mdani wogwa pa kavalo, tina tating'ono kwambiri, ta malemba osokonekera osonyeza kuti wosulayo sankadziwa kuwerenga. Amenewa ndi akale ndithu, ndipo ndi umboni wa kusowa kwa ndalama pa nthawiyo. Ayenera kulembedwa m'gulu lawolawo. Osiyana nawo ndi achinyengo a masiku ano, opangidwira kugulitsa kwa alendo. Ambiri a iwo ndi osungunula m'chikombole, ndipo amadziwika ndi msoko wozungulira m'mphepete, timaenje ta mpweya ndi malemba ofewa ngati sopo wogwiritsidwa kale ntchito. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kobiri lokongola mopitirira liyesedwe kawiri.

Mabuku ndi kaundula

Mafunso anayi akayankhidwa, kobiri limafunidwa nambala yake m'mabuku a akatswiri. Buku lalifupi lotchedwa Late Roman Bronze Coinage, la Carson, Hill ndi Kent, linatuluka mu 1960. Lalikulu ndi Roman Imperial Coinage, limene voliyumu yake ya 6 ikunena za zaka za 294 kufikira 313, ya 7 za 313 kufikira 337, ya 8 za 337 kufikira 364, ya 9 za 364 kufikira 395, ndipo ya 10, imene inatuluka mu 1994, za 395 kufikira 491. Mavoliyumu 6 kufikira 9 anasanjidwa potsata mizinda, osati mafumu, n'chifukwa chake wosadziwa kuwerenga pansi pa mzere sangapeze tsamba loyenera. Bungwe la American Numismatic Society linaika mndandanda wa makobiriwa pa intaneti, ndipo aliyense angathe kufananiza zithunzi kumeneko.

Khadi la kobiri lililonse likhale ndi zinthu izi: kumene linapezeka, kukula, kulemera, malemba a kumaso monga akuonekera, chovala cha kumutu, chithunzi ndi malemba a kumsana, zilembo za pansi pa mzere ndi zina zilizonse zoima pambali pa chithunzi, ndipo potsiriza nambala ya m'buku.

Kusamala umboni

Zinthu ziwiri zimaononga umboni umenewu kosabwezeka. Choyamba ndi kutsuka mwankhanza. Khungu lobiriwira kapena lakuda lolimba limene limamera pa mkuwa wakale ndi chitetezo chake, ndipo nthawi zambiri malemba amakhala m'khungu lomwelo. Wokwecha ndi mchenga, phulusa kapena mandimu amachotsa dzina la mfumu pamodzi ndi litsiro. Madzi oyera ndi kaburashi kofewa n'zokwanira. Koma ufa wobiriwira mowala, wofumbutuka ukakhudzidwa, ndi matenda a mkuwa obwera ndi mchere ndi chinyontho. Kobiri lotero lipatulidwe kwa anzake, lisungidwe pouma ndi kuperekedwa kwa odziwa.

Chachiwiri ndi kuchotsa kobiri pamalo pake popanda kulemba. Aroma ambiri ankakwirira chuma chawo m'mitsuko, ena osabwereranso kukachitenga. Ku Misurata m'dziko la Libya, mu 1981, kunapezeka makobiri oposa 100,000. Ku Seaton Down m'chigawo cha Devon ku England, mu 2013, kunapezeka oposa 22,000, ochuluka a banja la Constantine. Ku Tomares pafupi ndi Seville ku Spain, mu 2016, anthu okumba ngalande anapeza mitsuko 19 yodzala makobiri olemera makilogalamu pafupifupi 600. Pa chuma chotere lamulo ndi lakuti kobiri latsopano koposa onse ndilo limanena nthawi, pakuti mtsuko sukanakwiriridwa kobirilo lisanasulidwe. Tsono munthu mmodzi akatapa pang'ono ndi kugulitsa mobisa, angachotse kobiri lokhalo limene likanatchula chaka, ndipo otsala onse amasanduka mboni zosadziwa tsiku la mlandu.

Ntchito ya m'kalasi

Mphunzitsi safunika kukhala ndi kobiri la Aroma kuti aphunzitse njira imeneyi. M'nyumba zambiri muli ndalama zakale: kobiri loboola pakati la Rhodesia ndi Nyasaland lokhala ndi njovu ziwiri, ndalama zoyamba za Malawi za mu 1964 zokhala ndi mutu wa Dr Hastings Kamuzu Banda, ndi matambala amene anayamba mu 1971. Ana abweretse zimene makolo awalola. Aphimbe chaka ndi kapepala, ayese kukula, awerenge kumaso, afotokoze za kumsana, ndipo asanje ndalamazo kuyambira yakale kufikira yatsopano, aliyense akupereka chifukwa chake. Pambuyo pake achotse kapepalako ndi kuona ngati analondola. Akaika pepala loyera pamwamba pa ndalama ndi kukhwekhweza pensulo, adzakhala ndi chithunzi chomata m'makope mwawo.

Mwana wophunzira motero amazolowera kusiyanitsa chimene waona ndi chimene akuganiza. Tsiku lina akadzafukula phale lakale kapena mikanda m'munda wa sukulu, sadzathamangira kukwecha kapena kugulitsa; adzayamba walemba malo ake, nakauza mphunzitsi, amene adzadziwitsa osunga zinthu zakale.